Madzi a Pamtsetse: Malimidwe ndi Ulimi Wothirira m'Mapiri a Dedza ndi Ntcheu

Msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre ukafika pa Dedza umayenda pamwamba pa zitunda, m'malire a Malawi ndi Mozambique, mpaka kudutsa Lizulu. Kum'mawa kwake nthaka imatsetsereka kwambiri kulowera ku Mtakataka ndi ku chigwa cha Bwanje. Mitsinje yambiri ya m'dera limeneli siphwa msanga, ndipo m'chilimwe alimi amaipatutsa ndi kukolola mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi matimati zimene zimadzaza misika ya m'mbali mwa msewu. Nkhani ino ikufunsa funso limodzi: bwanji ulimi wothirira wa pamtsetse unachedwa kulowa m'mapulani a boma, chonsecho madzi oyenda okha analipo kuyambira kale?

Tiyambe ndi mawu. Dimba ndi munda wa m'mbali mwa mtsinje kapena m'dambo, momwe chinyontho chimakhalapo mvula itatha. Dimba ndi lakale kwambiri kuposa boma la atsamunda. Koma kuthirira pamtsetse ndi ntchito ina. Pamenepo madzi sadikira mlimi. Ayenera kutsekedwa kumtunda, kulowetsedwa m'ngalande, ndi kuyendetsedwa mopingasa phiri kufikira ali pamwamba pa munda. Ngalande ikapendekeka kwambiri, madzi amathamanga n'kukumba chigwembe. Ikakhala yosapendekeka, madzi amaima, mchenga n'kudzaza. Luso lonse lili pakati pa ziwirizi.

Atsamunda sanaone phiri ngati malo othirira. Analiona ngati malo okokoloka. Lamulo loteteza zachilengedwe la 1946 linapatsa boma mphamvu yokakamiza anthu kulima mizere yopingasa, kukumba milambala, ndi kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje. Bwanamkubwa Geoffrey Colby atafika mu 1948, ndiponso njala ya 1949 itapha anthu ku Blantyre ndi madera oyandikana nawo, malamulowa anakhwima. Wokana ankalipitsidwa, ena ankamangidwa, ena ankazuliridwa mbewu. Anthu anaitcha ndondomekoyi malimidwe. Ophunzira Chichewa aone bwino apa: liwuli likungochokera ku mneni kulima, ndipo tanthauzo lake wamba ndi njira yolimira basi. Koma kwa anthu amene anakhalapo m'zaka za m'ma 1950, linkanunkha khoti ndi chindapusa. Wapulumuka Mulwafu, m'buku lake la 2011 lotchedwa Conservation Song, anafotokoza mbiri imeneyi mwatsatanetsatane, ndipo Elias Mandala analemba za nkhondo ya mitumbira ya ku chigwa cha Shire, kumene anthu anakana mizere pa nthaka imene ankaidziwa bwino kuposa alangizi.

Ku Ntcheu nkhaniyi inafika pachimake mu 1953. Inkosi Philip Gomani II inalimbikitsa anthu ake kusamvera malamulo a boma, a malimidwe omwe, potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linaichotsa pampando. Inathawira ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi anaibweza, ndipo inamwalira mu 1954.

Chimene chimandikhudza n'chakuti alangizi aja sananame pa zonse. Mzere wopingasa umagwiradi madzi. Mlambala wolondola umachepetsadi kukokoloka. Mfundo yomwe ili mu mlambala, yotsata malo ofanana msinkhu pozungulira phiri, ndi yomweyo imene ngalande yothirira imafuna. Koma boma linabweretsa ntchito yolemetsa ya m'chilimwe popanda kubweretsa madzi a m'chilimwe. Mlimi ankakumba nthaka youma mu Ogasiti ndi Seputembala kuti apewe chindapusa, phindu osaliona. Choipitsitsa, lamulo loletsa kulima m'mphepete mwa mitsinje linagunda dimba lenilenilo, malo okhawo amene banja linkadalira mvula ikavuta. M'maganizo anga, apa mpamene mwayi unatayika: luso loyeza mtsetse linafika m'midzi ngati chilango.

Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera mu 1958 anadzudzula malimidwe m'misonkhano, ndipo anthu anamuombera m'manja. Ufulu utabwera, boma lake linayamba ulimi wothirira, koma linayang'ana kuzigwa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 linatsegula masikimu a mpunga monga Likangala ndi Domasi kufupi ndi nyanja ya Chilwa, Hara ndi Wovwe ku Karonga, ndi Muona ku Nsanje, ena mothandizidwa ndi akatswiri ochokera ku Taiwan. Onsewa ali pamalo athyathyathya. Madzi ake amachokera kumapiri, koma mlimi wa kuphiriko sanawerengedwe. (Kuno ku Indiana, kumene nthaka yambiri ndi yathyathyathya, alimi anatha zaka zambiri akukwirira mapaipi ochotsa madzi m'minda. Nkovuta kufotokozera mnzako wa m'kalasi kuti kwina vuto ndi kuwagwira madziwo asanathawe.)

Sikimu ya Bwanje ikuonetsa zotsatira za kuiwala phiri. Inamangidwa ndi ndalama za boma la Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pa mahekitala 800, kudalira mtsinje wa Namikokwe umene umatsika kuchokera ku mapiri a Dedza. Ngalande zake zinali zasimenti, zokongola. Koma mtsinje wotsika pamtsetse umanyamula mchenga, makamaka kumtunda kukakhala kuti mitengo yatha. Mchenga unkadzaza polowera madzi, madzi osefukira anawononga mbali ina patangopita zaka zochepa, ndipo m'chilimwe madzi ankakwanira gawo lochepa chabe la sikimuyo. Gert Jan Veldwisch, Alex Bolding ndi Philippus Wester analemba za mavutowa mu 2009, ndipo mutu wa nkhani yawo unatchula mchenga womwewo. Pambuyo pake boma linamanga damu mothandizidwa ndi European Union kuti madzi a dzinja asungidwe.

Pa nthawi yomweyo, kumtunda kunkachitika zina zosalembedwa m'mabuku a boma. Alimi a ku Dedza, Ntcheu ndi tsidya lina ku Angónia ndi Tsangano m'chigawo cha Tete ankatseka timitsinje ndi mitengo, udzu, miyala ndi dothi, kenako n'kukumba ngalande ndi makasu. Chotchinga chotere chimakokoloka mvula yoyamba ikagwa, ndipo wina akhoza kuchiona ngati chofooka. Koma kukokolokako kumachotsa mchenga wonse wounjikana, ndipo chaka chotsatira anthu amamanganso pa masiku ochepa popanda kugula simenti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la JICA, la ku Japan komweko, linagwira ntchito ndi alangizi a boma kufalitsa njira yomweyi, n'kuonjezapo kachipangizo koyezera msinkhu kopachika pachingwe. Chida cha mtundu umene kale unkalozera milambala yokakamiza tsopano chinkalozera njira ya madzi.

Ngalande yadothi ili ndi zovuta zake. Madzi ambiri amalowa pansi asanafike, nkhanu ndi mbewa zimaboola m'mbali, ndipo amene ali kumapeto ndiye amalira. N'chifukwa chake magulu amagawana masiku, ena kuthirira usiku, ndipo amamata dongo pamalo othonya ndi kudzala udzu wa vetiva m'munsi mwa ngalande. M'munda madzi salowetsedwa molunjika kumunsi. Amapatutsidwira m'timabedi topingasa, kamodzikamodzi, kuyambira kumtunda. Lamulo la ulimi wothirira la 2001 linatsegula njira yoti magulu a ogwiritsa ntchito madzi azizindikiridwa ndi boma, koma mikangano yambiri ya pangalande imathera kwa nyakwawa, monga milandu ya malire a munda.

Funso limene lamulo silinathetse ndi la Namikokwe ndi mitsinje inzake mu Okutobala, madzi akachepa. Ngalande iliyonse yatsopano kuphiri imachotsako madzi amene mlimi wa mpunga kuchigwa ankayembekezera, ndipo awiriwa kawirikawiri amakhala pansi pa mafumu osiyana.