Chomwe chinagwetsa mtengo wa nandolo wa kwa Mkhumba

Mukafunsa pamsika wa Migowi chomwe chinagwetsa mtengo wa nandolo mu 2017, ambiri amaloza venda ndi sikelo yake. Mavenda ali nayo milandu yawo, ndipo amene anaonapo thumba lake likupepuka pa sikelo yopachika pamtengo sangawaikire kumbuyo. Koma chaka chimenecho venda nayenso anasowa kokagulitsa. Chigamulo chomwe chinagwetsa mtengowo chinachokera ku New Delhi, ndipo chinabwera chifukwa cha mkwiyo wa alimi a dziko lina.

Kalekale nandolo sanali mbewu ya malonda akunja. Alomwe omwe ankawoloka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anakhazikika m'chigwa cha pakati pa phiri la Michesi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo nandolo ankamubzala pakati pa chimanga kuti akhale ndiwo, makata ndi chipere. Maso a boma la atsamunda anali pa fodya, thonje ndi tiyi. Mu 1971 kunakhazikitsidwa ADMARC, ndipo kwa zaka zambiri mlimi wamng'ono ankagulitsa mbewu pa mtengo wolengezedwa ndi boma. Mu 1987 ogula ena analoledwa kulowa m'midzi. Pofika mu 1998, pomwe Phalombe anapatulidwa ku Mulanje n'kukhala boma palokha, nandolo anali atayamba kale kukwera malole kupita ku Limbe, n'kupitirira ku madoko a Nacala ndi Beira.

Pafupifupi yense ankathera ku India, komwe nandolo wosenda ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Apa ndi pomwe panali msampha, ngakhale ndi ochepa anauona: alimi zikwizikwi a kumwera kwa Malawi ankadalira wogula mmodzi.

Mu 2014 ndi 2015 mvula inavuta ku India, zokolola zinachepa ndipo nandolo anakwera mtengo mpaka anthu a m'matauni kuyamba kudandaula. Boma la kumeneko linathamangira kunja. Mu July 2016 nduna yaikulu Narendra Modi anafika ku Maputo, ndipo India ndi Mozambique anasainirana pangano loti India azigula matani 100,000 pachaka, omwe amayenera kufika 200,000 pakutha pa zaka zisanu. Kuno kwathu mtengo unali wokoma. Kwa Mkhumba nandolo anagula malata, njinga ndi yunifomu za ana, ndipo nyengo yotsatira anthu anawonjezera minda. Palibe amene angawaimbe mlandu, chifukwa uthenga womwe unkamveka paliponse unali woti tichepetse kudalira fodya, tilime nyemba.

Alimi a ku India nawonso anaona mtengo womwewo, nawonso anabzala kwambiri, mvula n'kugwa bwino. Zokolola za 2016/17 zinaposa matani 4 miliyoni, mtengo n'kugwera pansi. Mu June 2017 alimi a ku Maharashtra ananyanyala kutumiza mkaka ndi masamba m'matauni, pofuna mitengo yabwino ndi kukhululukiridwa ngongole. Pa 6 June ku Mandsaur, m'chigawo cha Madhya Pradesh, alimi asanu anaphedwa ndi mfuti pa zionetsero. Patangotha miyezi iwiri, mu August 2017, India analengeza kuti nandolo wochokera kunja asapitirire matani 200,000 pachaka, mlingo womwe unali utakwana kale. Mozambique anatetezeka ndi pangano lake lija. Malawi analibe pangano.

August ndi mwezi womwe nandolo amakhala akuuma m'munda, amayi akuthyola, kupuntha ndi kupeta. Pomwe uthengawo unkafika kuno, matumba anali atasokedwa kale. Mtengo unatsika kuposa theka la wa chaka chapitacho. Ena anasunga poyembekeza kuti zinthu zisintha, koma nandolo sachedwa kufumbwa, ndipo thumba likayamba kutulutsa fumbi wogula amalidula mtengo kachiwiri. Ena anagulitsa motaya kuti apeze ya sukulu ndi ya feteleza. Kunkamvekanso kuti nandolo wina ankadutsa m'njira za m'malire kulowa ku Zambezia kuti akakwere sitima ngati wa ku Mozambique, phindu n'kutsalira m'manja mwa omuwolotsa.

Chomwe chimandipweteka m'mbiri imeneyi ndi kusiyana kwa liwiro. Mlimi wa ku India anatseka msewu, boma lake linamuyankha m'miyezi iwiri. Mlimi wa ku Phalombe anadandaula pa wailesi ndi pamisonkhano ya m'midzi, koma pangano la Malawi ndi India linasainidwa mu June 2021, patatha pafupifupi zaka zinayi. Linali la matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Pofika nthawi imeneyo India anali atayamba kale kumasula khomo yekha, chifukwa nandolo anali atayambanso kuchepa kwawo.

Sikuti Amalawi sadziwa kupita pamsewu. Pa 20 July 2011, mafuta ndi ndalama zakunja zitasowa, mizinda inawira ndipo anthu pafupifupi 20 anafa. Mu January 2013 kunalinso zionetsero zodandaula kukwera mitengo kwa zinthu, kwacha itatsitsidwa mphamvu mu May 2012. Mu February 2025 ogulitsa kaunjika anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Zonsezi ndi za m'tauni, komwe anthu amakhala mothinana ndipo atolankhani ali pafupi. Alimi a nandolo ndi omwazika, ndipo wa ku Chiringa kuti akafike ku Blantyre ayenera kugulitsa kaye nandolo yemweyo wopanda mtengo kuti apeze ya basi. Maboma ambiri a maiko osauka amamva msanga phokoso la pafupi ndi maofesi awo.

Umboni wina unaoneka mu 2025. Mu March Malawi analetsa katundu wina wakunja pofuna kuteteza malonda a kuno ndi kusunga ndalama zakunja. Mu April Tanzania anabwezera potseka malire ku zokolola zochokera ku Malawi ndi South Africa, ndipo malole anaima pa Songwe. Patangopita masiku ochepa Tanzania anachotsa chiletso chake, iye ndi Malawi n'kukhala pansi kukambirana. Nkhani itakhudza njira yomwe mafuta ndi feteleza zimadutsa kuchokera ku Dar es Salaam, mayankho sanatenge zaka. 

Pangano la 2021 linalembedwa kuti lithe mu March 2026, ndipo chilolezo choti nandolo azilowa momasuka India wakhala akungochiwonjezera kwa nthawi yochepa, malinga ndi zokolola zake. Kusenda nandolo konkuno, kupeza ogula ena, ndi kudziwitsa alimi za zokolola za ku India nthawi yobzala isanakwane ndi ntchito zomwe sizidikira chilolezo cha dziko lina, ndipo zikadayenera kugwiridwa mwamphamvu kuyambira 2017. Mlimi wa kwa Mkhumba amabzala nandolo ndi mvula yoyamba ya November kapena December, ndipo amadzadziwa ngati msika ulipo patapita miyezi isanu ndi itatu.