Kusiya ntchito uli pantchito pomwepo: tanthauzo la "quiet quitting"

Makolo ambiri a m'mbali mwa nyanja ali ndi ana omwe anapita patali ndi sukulu, ndipo lero akugwira ntchito m'mabanki, m'makampani a mafoni ndi m'mabungwe ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Johannesburg ndi ku London. Pakati pa achinyamata amenewa pamamveka mawu a Chingerezi akuti quiet quitting. Powamasulira tinganene kuti "kusiya ntchito mwakachetechete", koma munthuyo salemba kalata yosiya ntchito ayi. M'mawa amafika, madzulo amaweruka, mwezi ukatha malipiro amalowa. Chomwe wasiya ndi kuchita zopyola pa zimene anamulembera. Satsalira mu ofesi nthawi yoweruka ikakwana, sayankha imelo ya abwana usiku, sadzipereka kusenza ntchito ya mnzake amene anachotsedwa. Amachita za pa kontirakiti basi.

Kumene mawuwa anachokera

Mawuwa anatchuka mu July 2022 kuchokera pa kanema wamfupi yemwe mnyamata wina wa ku New York anaika pa TikTok. Mfundo yake inali yoti ntchito si moyo wonse wa munthu, ndipo ulemu wa munthu sauyesa ndi kuchuluka kwa zomwe wapangira kampani. Kanemayo anaonedwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho dikishonale ya Collins inaika mawuwa pa mndandanda wa mawu omwe anatchuka kwambiri mu 2022.

Khalidwe lenilenilo silinayambe ndi TikTok. Mabungwe a ogwira ntchito akhala ndi njira yodandaulira mabwana yomwe amangotsata malamulo a ntchito ndendende, osaonjezerapo kanthu, mpaka ntchito yonse kuyenda pang'onopang'ono. Ku China, mu 2021, achinyamata anatchukitsa mawu akuti tang ping, kutanthauza kugona chagada, pokana dongosolo lotchedwa 996: kulowa 9 koloko m'mawa, kuweruka 9 koloko usiku, masiku 6 pa sabata. Chaka chomwecho khoti lalikulu la dzikolo linanena kuti dongosolo limeneli ndi losemphana ndi malamulo. Ku America nako mliri wa Covid-19 unachititsa anthu kulingaliranso za moyo wawo, moti mu 2021 anthu oposa 47 miliyoni anasiya ntchito mwa kufuna kwawo. Omwe sakanatha kusiya chifukwa cha lendi ndi ngongole ndi amene anapeza njira yosiyira ali pomwepo.

Bungwe la kafukufuku la Gallup linanena mu September 2022 kuti theka la ogwira ntchito ku America, mwinanso kuposerapo, ali m'gulu limeneli. Anthu 32 mwa 100 aliwonse ndi omwe mtima wawo unali pa ntchito, pamene 18 anali oipidwa poyera. Lipoti la bungweli la 2023 lokhudza dziko lonse lapansi linaika a mwakachetechetewa pa 59 mwa 100 aliwonse. Manambalawa tiwawerenge mosamala. Gallup sanawerenge alesi. Anawerenga anthu omwe mayankho awo anaonetsa kuti mtima wawo sukukondwera ndi ntchito, monga kusadziwa bwino zomwe abwana akufuna kapena kuona kuti palibe amene amawaganizira. Ambiri mwa iwo ntchito amaigwira ndithu.

Pamene makampani anayamba kuchotsa anthu

Patangopita miyezi yochepa, makampani akuluakulu a zamakompyuta ku America anayamba kuchepetsa antchito. Anali atalemba anthu ochuluka nthawi ya mliri, kenako malonda anabwerera m'mbuyo ndipo chiwongoladzanja cha mabanki chinakwera. Pa 9 November 2022 kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi WhatsApp, inachotsa anthu 11,000, ndipo mu March 2023 inalengeza enanso 10,000. Mu January 2023 Amazon inalengeza 18,000, Microsoft 10,000, Google 12,000. Ena anadziwa kuti ntchito yatha atadzuka m'mawa n'kupeza kompyuta ya kuntchito ikukana kutseguka. Kwa alendo omwe anali ku America ndi chilolezo cha ntchito cha H-1B, ambiri mwa iwo ochokera ku India, zinali zowawa koposa, chifukwa lamulo limawapatsa masiku 60 okha kuti apeze ntchito ina, apo ayi achoke m'dzikomo ndi mabanja awo.

Zomwe zinachitika ku Twitter, yomwe tsopano ndi X, ndi zomwe zimaonetsa nkhaniyi bwino. Elon Musk anamaliza kugula kampaniyi pa 27 October 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni. Pa 4 November pafupifupi theka la antchito 7,500 linachotsedwa. Pa 16 November otsalawo analandira imelo yowauza kuti asankhe: avomere kugwira ntchito maola ambiri mwamphamvu kwambiri, kapena atenge malipiro a miyezi itatu n'kumapita. Anawapatsa mpaka madzulo a tsiku lotsatira. Mazanamazana anasankha kupita. M'masiku omwewo chithunzi cha mayi wina waudindo atagona pansi mu ofesi, pofuna kuti ntchito ithe pa nthawi yake, chinafala dziko lonse. Mu February 2023 nayenso anachotsedwa. Ofesi ya Twitter ya ku Accra, m'dziko la Ghana, inali itangotsegulidwa masiku ochepa pamene antchito ake pafupifupi onse anachotsedwa, ndipo anadikira kupitirira chaka asanalandire ndalama zawo zotsanzikira.

Amene anaona zimenezi anatengapo phunziro loti kugona mu ofesi sikuteteza munthu. Komatu kudzibweza nakonso sikuteteza. Mu January 2025 Meta inalengeza kuti ichotsa pafupifupi anthu 5 mwa 100 aliwonse, ndipo ulendo uno inati ikuyang'ana omwe ntchito yawo ikuoneka yofooka. Wantchito wa pa kampani yomwe ikuchepetsa anthu amakhala pakati pa mantha awiri. Akalimbikira kwambiri amadwala, mwina n'kuchotsedwabe. Akachepetsa, dzina lake lingakhale loyamba pa mndandanda. Kuonjezera apo, ntchito ya ochotsedwa siichoka nawo limodzi, imagwera otsala.

Za kudwalako si nkhambakamwa. Mu 2019 bungwe la zaumoyo la WHO linazindikira kutopa kwa pantchito komwe Azungu amati burnout, ndipo linatchula zizindikiro zake zitatu: kutheratu mphamvu, mtima kutalikirana ndi ntchito, ndi kuchepa kwa luso pogwira. Mu 2021 WHO pamodzi ndi bungwe la zantchito la ILO anawerengera kuti mu 2016 anthu 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. N'chifukwa chake dziko la France, kuyambira mu January 2017, lili ndi lamulo lopatsa wantchito ufulu wosasokonezedwa ndi mauthenga a kuntchito akaweruka, ndipo Australia inayamba kutsata lamulo lofanana nalo mu August 2024.

Mmene Fiqh imaionera nkhaniyi

Vuto la mawu akuti quiet quitting ndi loti aphatikiza zinthu ziwiri zosiyana m'thumba limodzi. Pali kukana kuchita zomwe simunagwirizane, ndipo pali kuchepetsa zomwe munagwirizana. Ma Ulama a Fiqh anazilekanitsa kalekale pa mutu wa Ijarah, womwe ndi mgwirizano wolemba munthu ntchito pa malipiro.

Iwo amasiyanitsa antchito a mitundu iwiri. Ajir mushtarak ndi amene amagwirira ntchito anthu ambiri ndipo amalipidwa akamaliza chinthu, monga telala wa pa msika kapena kalipentala wokhoma maboti. Ajir khaas ndi amene walembedwa ndi munthu mmodzi kapena kampani imodzi kwa nthawi yodziwika, ndipo chomwe wagulitsa ndi nthawi yake pamodzi ndi luso lake m'nthawi imeneyo. Wa ku banki, mphunzitsi, mlonda ndi wa mu ofesi ya boma onse ali m'gulu lachiwirili. Maola omwe anagwirizana ndi a wolemba ntchito, ndipo ndi Amaanah m'manja mwa wantchito. Maola a kunja kwa mgwirizano ndi a mwini wake, a mkazi kapena mwamuna wake, a ana, a makolo ndi a Ibaadah.

Nkhani ya Mneneri Musa (Alaihi Salaam) ku Madyan, yomwe ili mu Surah Al-Qasas, ikuonetsa malire amenewa. Mgwirizano wake ndi mkulu wa kumeneko unali wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ziwiri zoonjezera kuti zikwane khumi zinasiyidwa m'manja mwake, afune asafune. Mkuluyo anaonetsanso kuti sakufuna kumulemetsa. Hadith ya mu Sahih Bukhari, kuchokera kwa Ibn Abbas (Radhiya Allahu anhu), ikusonyeza kuti Musa anakwaniritsa nthawi yaitaliyo. Choncho kuonjezera ndi Ihsaan, ndi khalidwe la Aneneri, ndipo kuli ndi malipiro kwa Allah. Koma sikunali ngongole. Amene wakana kuyankha foni ya abwana 10 koloko usiku, pamene kontirakiti yake sinena zimenezo, sanachimwe. Bwana amene watenga Ihsaan ya wantchito n'kuisandutsa lamulo la tsiku ndi tsiku popanda ovataimu ndiye amene akudya thukuta la mnzake.

Mbali inayo ndi yomwe achinyamata athu safuna kuimva. Munthu amene ali pa mpando wake koma maola atatu ali pa WhatsApp, amene akuzengereza dala ntchito ya ola limodzi kuti ithe mawa, amene akusiya makasitomala pa mzere iye akuyendetsa geni yake pa foni, sakuteteza malire ake. Akulandira malipiro a tsiku lathunthu atapereka theka. Surah Al-Mutaffifin imadzudzula ochepetsa muyeso, omwe polandira amafuna zodzaza koma popereka amapungula, ndipo ma Ulama ambiri amati chiphunzitsochi sichithera pa sikelo ya kumsika. Amene amagula usipa pa doko amadziwa mmene mtima umapwetekera ukapeza chigoba chili ndi mchenga pansi. Kunena kuti "kampaniyi ndi yolemera" kapena "akufuna kutichotsa kale" sikusintha chigamulo, chifukwa malipiro a mwezi umenewo ukulandirabe onse, ndipo ndi omwewo akukagula ufa wa ana.

Apa tionjezere za Swala, popeza funsoli limabwera kawirikawiri. Ma Ulama amati nthawi ya Swala za Faradhi siilowa m'nthawi yomwe wantchito wagulitsa, ndipo Msilamu ayenera kukambirana ndi abwana ake za Dhuhr, Asr ndi Jumu'ah poyera, makamaka polembedwa ntchito. Koma Swala ya mphindi khumi isasanduke ola lathunthu la macheza pakhonde la mzikiti. Kutero kumaipitsa mbiri ya Asilamu ena omwe adzapemphe chilolezo chomwecho pambuyo pako.

Wolemba ntchito naye ali ndi mlandu wake, ndipo ndi wolemera. Mu Hadith Qudsi ya mu Sahih Bukhari, munthu amene wagwiritsa mnzake ntchito mokwanira koma osamulipira watchulidwa pakati pa anthu atatu omwe Allah adzatsutsane nawo pa Tsiku la Qiyaamah. Hadith ina ya mu Ibn Majah ikulamula kulipira wantchito msanga. Palinso khalidwe lomwe linatchuka pamodzi ndi quiet quitting, lotchedwa quiet firing: bwana safuna kulipira ndalama zochotsera munthu, ndiye amamumana zipangizo, kumudumpha pokweza anzake, kumusiya kunja kwa misonkhano, mpaka atatopa n'kuchoka yekha. Ichi ndi chinyengo, ndipo abale athu omwe ali ndi mashopu, malori ndi maboti asaganize kuti chimachitika ku America kokha.

Mphekesera zikayamba kumveka

Kuno kwathu mantha amenewa anafika poyera mu 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ndipo ogwira ntchito ambiri m'mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko anauzidwa kuti akhale kunyumba. Amene wamva kuti kuntchito kwake achepetsa anthu ayambe ndi kuwerenga kontirakiti yake, chifukwa ambiri anasaina osaiwerenga. Lamulo la zantchito la dziko la Malawi, Employment Act ya chaka cha 2000, limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito ya masiku onse, ndipo maola oposera apo ndi ovataimu yoyenera kulipidwa. Lamulo lomweli limanena za notisi komanso ndalama zomwe munthu amalandira akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, zomwe zimawerengedwa potengera zaka zomwe wagwira. Madandaulo amayambira ku ofesi ya leba ya pa boma, ndipo akakanika amapita ku khoti la Industrial Relations Court.

Kufunafuna ntchito ina uli pa ntchito ndi kololedwa, bola uzichita pa nthawi yako, ndi foni yako, ndi bandulo yako. Mndandanda wa makasitomala, mafayilo ndi zinsinsi za kampani si katundu wonyamula pochoka, ngakhale atakuchotsa mopanda chifundo. Ngati ntchito ya anthu atatu yakugwera wekha, njira yolongosoka ndi kukhala pansi ndi abwana, kuwaonetsa zomwe zingatheke m'maola ako, n'kuwafunsa kuti ziti ziyambe ndipo ziti zidikire. Ukatero ulembe zomwe mwagwirizanazo pa imelo, kuti tsiku lowunika ntchito pasadzakhale kukanirana.

A kunyumba nawonso ali ndi gawo. Mwana wa m'tauni amene malipiro ake akudyetsa mabanja awiri kapena atatu kumudzi nthawi zambiri amabisa kuti ntchito yake ili pa chiopsezo, poopa kukhumudwitsa makolo. Amapitiriza kutumiza ndalama za feteleza, za fizi ndi za maliro, mwina pochita kukongola. Mukaona kuti wayamba kuyankha mafoni mochedwa ndipo mawu ake ndi otopa, mufunseni za kuntchito musanamuuze za denga lomwe likudontha.