Kuchokera ku malimidwe kufika ku nazale ya pasukulu

Phunziro loyamba la zachilengedwe limene boma linapereka kwa anthu wamba m'dziko muno linabwera ndi mesenjala wa kwa DC, chindapusa, ndipo kwa ena ndende. Mu 1946 atsamunda anakhazikitsa lamulo loteteza nthaka ndi zachilengedwe, ndipo njala ya 1949 itadutsa, bwanamkubwa Geoffrey Colby analimbitsa dzanja. Mlimi aliyense ankayenera kusiya matutu n'kuyamba kulima mizere yopingasa, kuumba milambala, ndi kuchoka m'mphepete mwa mitsinje. Wokana ankamuzulira mbewu kapena kumutengera kubwalo. Anthu ankangoti malimidwe, ndipo akatero nkhope zinkagwa.

Zimene alangizi a nthawi imeneyo ankanena sizinali zabodza zonse. Nthaka inkakokolokadi, ndipo mizere yopingasa ija ndi yomwe tikulima mpaka lero popanda wotikakamiza. Koma ku Thyolo ndi ku Mulanje anthu ankaona okha kuti malo achonde ali m'manja mwa eni minda ya tiyi, pamene iwo akukanda m'matsitso a mapiri, kenaka n'kumadzudzulidwa kuti akuwononga nthaka. Pamene nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inafika pa mponda chimera mu 1953, Inkosi ya Makosi Philip Gomani II ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamverenso malamulo a malimidwe, ndipo boma linaichotsa pampando. Kuyambira pamenepo kukana milambala kunasanduka mbali ya nkhondo ya ufulu. Mphunzitsi amene lero amadabwa kuti makolo ena amazemba msonkhano wa zankhalango adziwe kuti nkhaniyi ili ndi chipsera chakale.

Atsamunda asanafike, mudzi unali ndi maphunziro akeake, ngakhale panalibe wowatchula dzina limenelo. Mwana ankakula akudziwa kuti kumanda sikulowa nkhwangwa, ndipo n'chifukwa chake m'madera ambiri a m'chigawo chapakati mukaona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe katatsala pakati pa minda yoyera mbee, simufunsanso kuti pali chiyani. Ku Nsanje, nkhalango ya Khulubvi, komwe kuli kachisi wa Mbona, yasungika ndi mwambo womwewo. Ku Salima, mfumu Makanjira amatseka chilumba cha Mbenji nyengo ya mvula, asodzi onse n'kuchokako kuti nsomba ziswane, ndipo lamuloli asodzi amalimvera kuposa malamulo ambiri olembedwa papepala. Mlimi ankasiya msangu m'munda chifukwa anaona kuti chimanga cha pansi pake chimabereka bwino. Tisawapake mafuta kwambiri makolo athu: ndi omwewonso anatisiyira chizolowezi chotentha tchire chifukwa cha mbewa. Koma kaphunzitsidwe kawo kanali ndi mphamvu imodzi, yoti mwana ankaphunzira za mtengo ataima pansi pa mtengowo.

Mu 1947 kunabadwa bungwe la Nyasaland Fauna Preservation Society. Oyambitsa ake ambiri anali azungu okonda nyama zakutchire, ndipo nkhawa yawo inali pa nyama monga boo wa ku Lengwe, osati pa ana a sukulu. Bungweli linasintha maina kangapo kufikira pamene linakhala Wildlife and Environmental Society of Malawi, imene ambiri amangoti WESM. Ufulu utabwera, boma linakhazikitsa mapaki osungira nyama motsatizana: Nyika mu 1965, Kasungu ndi Lengwe mu 1970, Liwonde mu 1973. Apa ndi pamene oteteza nyama anazindikira kuti mpanda ndi mfuti sizingathe kusunga njovu ngati anthu a m'midzi yozungulira akuona pakiyo ngati mdani wowalanda nkhuni, udzu ndi ndiwo. Maso anatembenukira kwa ana.

Nzeru ya makalabu a zachilengedwe m'sukulu inayenda kuchokera kwa anansi. Ku Kenya makalabu otere anayamba mu 1968. Ku Zambia kunabwera makalabu a Chongololo m'zaka za m'ma 1970, okhala ndi magazini yawo komanso pulogalamu ya pawailesi. Kuno kwathu bungwe lija, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, linafalitsa makalabu m'sukulu zapulayimale ndi zasekondale, ndipo linkasindikiza magazini ya ana yotchedwa Nantchengwa. Amene anaigwirapo amakumbukira momwe kope limodzi linkazungulira kalasi yonse mpaka masamba kufewa. Pa nthawi yomweyo mayiko a dziko lapansi ankakambirana nkhani yomweyi: msonkhano wa ku Stockholm mu 1972, kenaka wa ku Tbilisi mu 1977, womwe unagwirizana kuti maphunziro a zachilengedwe alowe m'maphunziro onse m'malo mokhala phunziro lapadera.

Munthu wofunika kwambiri m'mbiri ya makalabuwa ndi patironi, mphunzitsi amene amatsalira anzake ataweruka, popanda kalikonse kowonjezera pa malipiro ake. Ndiye amalemba kalata yopempha ulendo wa ku paki, kusonkhetsa ndalama ya galimoto kwa makolo, ndi kugona tulo ta maso ana ali m'hositelo. Patironi akasamutsidwa, kawirikawiri kalabu imasamuka naye. Sukulu zambiri zimene zinali ndi nkhalango yokongola zaka khumi zapitazo n'kukhala pululu lero, mukafufuza mupeza kuti chinachitika n'chomwecho.

Malo opitako analipo, ndipo ambiri akadalipo. Ku Blantyre kuli phiri la Michiru, lomwe linakhala malo otetezedwa m'zaka za m'ma 1970 ndipo lili ndi malo ophunzitsira ana. Ku Lilongwe kuli nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati penipeni pa mzinda, momwe tsopano muli Lilongwe Wildlife Centre. Ku Mzuzu nakonso kuli malo otere. Ku Cape Maclear kuli Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, tomwe mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Mwana wa kumtunda amene nsomba amaidziwa itauma pamsika, akaponya nyenyeswa za buledi m'madzi n'kuona mbuna zabuluu ndi zachikasu zikumuunjikira m'miyendo, safunanso kuuzidwa kuti nyanjayi ndi chuma.

Koma chimene chinafika pa sukulu iliyonse, ngakhale ya kumudzi kwenikweni, ndi tsiku lodzala mitengo, lomwe Kamuzu Banda anakhazikitsa mu Januwale 1976. Aliyense amene anaphunzira m'zaka zimenezo akudziwa momwe linkayendera. Ana ankabwera ndi makasu, a Payoniya ali pomwepo, mlendo wolemekezeka n'kudzala mbande yake kutsogolo, kuithirira, anthu kuwomba m'manja. Mitengo yake inali bulugamu, malaina, kesha ndi paini, yokula msanga. Bulugamu wina anadzalidwa m'madambo ndi m'magwero a mitsinje, ndipo anthu a m'madera amenewo akudandaula mpaka lero kuti anamwa madzi. Mu 1984 Kamuzu analengeza kuti mkungudza wa pa phiri la Mulanje ndi mtengo wa fuko, ana n'kuloweza dzinalo pokonzekera mayeso. Lero mkungudza waukulu wachilengedwe watsala pang'ono kutheratu paphiripo. Tsiku lija linakula n'kukhala nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timamva za mitengo mamiliyoni yomwe yadzalidwa. Za mitengo yomwe yapulumuka ku mbuzi, chiswe ndi moto wa mu Seputembala sitimva kawirikawiri.

Chaka cha 1994 chinabweretsa zinthu ziwiri zokokana. Papepala zinthu zinayenda bwino: ndondomeko ya dziko yosamalira chilengedwe inatuluka chaka chomwecho potsatira msonkhano wa ku Rio de Janeiro wa 1992, lamulo la zachilengedwe linabwera mu 1996, la zankhalango mu 1997. Koma kumapiri anthu ena anamva demokalase ngati chilolezo, ndipo nkhalango ya phiri la Ndirande inatha anthu akuona. M'kalasi namo munali mutasefukira. Maphunziro aulere a kupulayimale anakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, boma n'kulemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzitsidwa mokwanira. Ana ambiri anaphunziradi pansi pa mtengo, koma chifukwa chosowa kalasi.

Malawi Institute of Education ya ku Domasi, yomwe imakonza silabasi ndi mabuku, inayamba kutulutsa silabasi yatsopano ya kupulayimale mu 2007, ndipo nkhani zachilengedwe zinapeza malo m'phunziro la Social and Environmental Sciences komanso m'maphunziro a ulimi ndi sayansi. Kusekondale zili mu jogalafe, bayoloje ndi ulimi. Motero sitinganene kuti ana athu saphunzira za kukokoloka kwa nthaka kapena kusintha kwa nyengo. Mwana wa sitandade 8 angakutchulireni zifukwa zisanu zomwe nkhalango zikuthera, mosajejema. Vuto ndi lakuti zimene sizibwera pa mayeso a MANEB zimakankhidwira kumapeto, ndipo kusamala nazale ya mitengo sikubwera pa mayeso.

Ku Domasi komweko kunachokera mawu amene mphunzitsi aliyense wopita ku koleji amawadziwa, TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Pa maphunziro onse, a zachilengedwe ndiwo amagwirizana nayo kwambiri njira imeneyi. Machubu a nazale akasowa, mapaketi a shuga ndi a mkaka oboola pansi amagwira ntchito yomweyo, ndipo ana akawatola pamsika ayeretsanso pamalo. Njere za mtangatanga, mbawa ndi mthethe zimatoledwa ulere nyengo yake ikakwana. Botolo lapulasitiki lodula pakamwa, lomata rula m'mbali, limayeza mvula, ndipo kalasi ikamalemba tsiku ndi tsiku kuyambira Novembala, pofika Epulo ili ndi masamu ndi jogalafe m'kope limodzi. Wofuna kuonetsa kukokoloka kwa nthaka amadzaza dothi m'mabeseni awiri opendeketsa, limodzi lokhala ndi udzu, lina lopanda kanthu, n'kuthira madzi ndi kheni. Ana amaona okha madzi ofiira akutuluka m'beseni lopanda udzu, kenaka mphunzitsi amawatengera ku chigwembe cha kuseri kwa sukulu kuti akayeze kukula kwake.

Ngakhale buku limodzi limatha kuchita zazikulu likapezeka pamalo oyenera. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiyira sukulu panjira chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anabwereka buku lotchedwa Using Energy ku kanyumba ka mabuku ka m'dera lawo. Chingerezi chake sankachimva bwino, koma zithunzi anazimva, ndipo anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale.

Pali funso limodzi lomwe mabuku athu amalizemba. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. M'kalasi momwe mphunzitsi akunena kuti kuotcha makala n'koipa muli mwana amene yunifolomu yake inagulidwa ndi thumba la makala lomwe bambo ake anakankha panjinga usiku wonse. Mphunzitsi mwiniyo akaweruka akakoleza mbaula. M'sukulu zina ana amauzidwa kubwera ndi chikuni cha phala. Phunziro longodzudzula limamuchititsa mwana uja manyazi basi, monga momwe malimidwe anachitira ndi agogo ake. Aphunzitsi amene apita patsogolo ndi amene amaonetsa njira ina yogwirika: kuumba chitetezo mbaula yomwe imadya nkhuni zochepa, kudzala nandolo kuti mapesi ake akhale nkhuni, kusamalira zitsa kuti ziphukenso m'malo mongodalira mbande zatsopano, kuika ming'oma ya njuchi m'nkhalango ya sukulu kuti mtengo woima ubweretse ndalama.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaphunzitsa mwankhanza zomwe silabasi inkanena mofatsa. Matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu mazanamazana anafa m'chigawo chakummwera, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Mvula inali yoopsa mwa iyo yokha, koma mapiri ometedwa ndi nyumba zomangidwa m'matsitso zinakulitsa tsokalo. Michiru yemwe, kumene mibadwo ya ana a mu Blantyre inkaphunzirira maina a mitengo ndi mbalame, wadulidwa koopsa m'zaka zaposachedwapa.

Wachinyamata wofuna kupitiriza maphunzirowa ali ndi kolowera kuposa kale: koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ku Dedza, LUANAR ku Bunda, Mzuzu University, University of Malawi ku Zomba, ndi MUST ku Thyolo, yomwe ili ndi sukulu ya zanyengo. Ndipo amene akuganiza kuti ntchitoyi ilibe potulukira akumbuke Gloria Majiga-Kamoto, yemwe mu 2021 analandira mphoto ya Goldman chifukwa cholimbana ndi mapepala apulasitiki opyapyala m'dziko muno.

Kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu, pempho ndi ili. Nyengo yodzala ikafika, mwana aliyense apatsidwe mtengo wake, dzina lake lilembedwe m'kaundula pambali pa mtengowo, ndipo kalabu ikhale ndi apatironi awiri kuti wina akasamutsidwa wina atsale. Mlendo wolemekezeka mumuitane mu Okutobala, dzuwa litafika pachimake, adzawerenge pamodzi ndi ana mitengo yomwe ili moyo.