Mpweya wa ku Alexandra ndi chifuwa chachikulu

Alexandra, komboni yakale ya kumpoto kwa Johannesburg, inakhazikitsidwa ngati malo a anthu akuda mu 1912. Inatha zaka zambiri ilibe magetsi, mpaka anthu anaitcha Dark City. Kuphika ndi kuwotha moto kunkadalira malasha. M'nyengo yachisanu mbaula zikayatsidwa madzulo, utsi unkakuta dera lonse, fungo lake n'kukakamira m'mabulangete. Pabwalo limodzi pankakhala mabanja ambiri alendi, banja lonse m'chipinda chimodzi, zitseko zili zotseka poopa kuzizira. Kachilombo ka chifuwa chachikulu kamayenda mumpweya munthu akatsokomola, choncho kuno kanapeza pofalikira. Amuna ochoka m'migodi ya golide, kumene bungwe la Wenela linkatengerako akwathu ambirimbiri, ankatuluka mapapo atawonongeka kale ndi fumbi la miyala. Kiliniki ya Alexandra, imene inayamba ngati ntchito ya amishoni n'kudzakhala pophunzirira madokotala a pa yunivesite ya Wits, inkachiza matenda amene nyumba zomwezo zinkabala.

Ena anganene kuti zimenezo n'zamakedzana, sayansi inapambana kale. Ali ndi poyambira. Chaka cha 2011 dziko la South Africa linayamba kugwiritsa ntchito makina a GeneXpert, amene amayeza makhololo n'kupereka zotsatira m'maola awiri okha. Ku Maputo ndi ku Tanzania, makoswe ophunzitsidwa ndi bungwe la APOPO akhala akuzindikira matendawa pongonunkhiza makhololo. Chachikulu chinachitikira pafupi ndi Alexandra pomwe, pa chipatala cha Sizwe, chimodzi mwa zipatala zitatu za kafukufuku wa Nix-TB. Kale wodwala chifuwa chosamva mankhwala ankalandira chithandizo mpaka zaka ziwiri, ndi majekeseni amene ankagonthetsa ena m'makutu. M'kafukufukuyu odwala 109 anamwa bedaquiline, pretomanid ndi linezolid kwa miyezi 6, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse anachira. Zotsatirazo zinasindikizidwa mu 2020.

Palibe wokonda anthu amene angapeputse zimenezi, pakuti wodwala akachira msanga sapatsiranso anzake. Koma wochirayo akatuluka m'chipatala amabwerera m'chipinda chomwe chija, ndipo chifuwa chachikulu sichisiya chitetezo m'thupi: ofufuza a ku Cape Town anapeza kuti munthu amene anachira angathe kutenganso kachilomboka kwa wina. Ku England imfa za matendawa zinali zitatsika kwambiri mankhwala a streptomycin asanatulukiridwe m'zaka za m'ma 1940, pamene zakudya ndi nyumba zinkasintha. Ku Alexandra, kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 180,000 atapanikizana pamalo ochepa, ngakhale kuti mu 2001 boma la Thabo Mbeki linalonjeza R1.3 biliyoni yokonzera komboniyi. Mu 2019 anthu anatseka misewu podandaula za nyumba ndi ukhondo. Malinga ngati banja lonse likugona m'chipinda chimodzi chosalowa mphepo, mapiritsi azichiza munthu mmodzimmodzi, koma matendawa sadzatha ku Alexandra.