Ndani Amadzutsa Jenereta ku Kafue?

Tauni yathu ya Kafue inayamba ndi njanji. Mlatho wa sitima pamtsinje wa Kafue unatha mu 1906, koma magetsi ochuluka anachita kubwera ndi ndale. Azungu a ku Rhodesia atalengeza ufulu wawo mu 1965, makina onse a ku Kariba anali tsidya lakumwera, m'manja mwa mtsogoleri wawo Ian Smith. Pulezidenti Kaunda wa Zambia sakanagona tulo migodi ya kopa ikudalira magetsi a mdani. Kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inamanga damu ku Kafue Gorge, makina n'kuyamba kuzungulira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Damu la Itezhi-Tezhi litatha mu 1977 kuti lizisunga madzi ogwiritsa ntchito m'chilimwe, mphamvu inakwera kufika mamegawati 900.

Ife amene tinakulira ku Estates, makolo athu akugwira ntchito ku Nitrogen Chemicals kapena ku Kafue Textiles, jenereta sitinkaidziwa kwenikweni. Malaiti anali a mnyumba mwathu momwe, mtsinje wake tikuuona. Injini ya dizilo tinkaiona ku mafamu akutali ndi pachigayo, yambiri inali ya Lister, ndipo inali ndi munthu wake. Kawirikawiri anali mlonda. Ankayang'ana oilo, n'kukweza kachitsulo kopepukitsa injini, n'kupukusa chogwirira ndi manja awiri mpaka gudumu litathamanga, kenako n'kugwetsa kachitsuloko. Ukachedwa kuchotsa dzanja, mkono unkatupa sabata yonse. Madala amenewo ankaimva injini ndi khutu, ndipo ine ntchito ya magetsi ndinayamba kuikonda powaonerera.

Zinasintha mu 2015, madzi atachepa ku Kariba. Magetsi ankazima maola 8 patsiku, ndipo timajenereta ta petulo togulidwa ku Kamwala tinadzaza ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound: kwa ometa, m'mabutchala, kwa amayi osunga nsomba m'firiji. Ntchito ya mlonda ija inagwera mwana wamkulu wa panyumba. Kutseka choko, kukoka chingwe, kukokanso, kutembenuza changeover, ndiye magetsi akabwera pakati pa usiku, kudzuka kukazimitsa. Mu 2019 vuto linabwereranso. Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, itatsegulidwa yonse mu 2023, tinati basi tapuma. Chilala cha 2024 chinatitsutsa. Pulezidenti Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, ndipo pofika September nyumba zambiri zinkaona magetsi maola atatu okha patsiku, zina osawaona n'komwe.

Chaka chimenecho ndi chimene anthu anakwezera sola pamadenga. Koma dzuwa nalo lili ndi masiku ake. Mvula ikamanga mu January mitambo osachoka, batire la sola limatsika, firiji n'kuzima mbandakucha. Jenereta siinachoke pakhomo. Inangosiya kudikira kampani ya magetsi ya ZESCO n'kuyamba kudikira batire.

Tsopano woidzutsa ndi inveta. Kumbuyo kwake kuli timabowo tiwiri tolumikizapo mawaya awiri opyapyala opita ku jenereta. Batire likatsika kufika pamene mwaikira, kaswitchi ka mkati kamatseka, jenereta n'kulira. Batire la asidi silifunika kutsika kupitirira theka. La lithiyamu ambiri timaliikira pa 20 peresenti. Pamafunikanso kamphindi kodikira, chifukwa pampu ya pachitsime ikamayamba imagwetsa mphamvu kwa kanthawi, ndipo popanda kudikirako jenereta izingodzuka pachabe. Ikalira, itenthe kaye isanasenze katundu. Batire likafika cha pa 80 kapena 90 peresenti, katundu achoke, injini izizire pang'ono, kenako izime. Kudzazitsa mpaka pakamwa ndi dizilo n'kutaya ndalama, gawo lomalizalo dzuwa limalizitsa lokha. Ikakana kulira katatu, makinawo aleke kuyesa, apo ayi sitata ipsa.

Zonsezi mlonda uja ankazichita osazilemba. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zomwe iye ankaona koma mawaya awiriwa saona. Dizilo akatha, inveta siipita ku filing'i. Jenereta yodzidzutsa yokha ikakhala m'garaja yotseka kapena pafupi ndi zenera la chipinda, mpweya wopanda fungo wa mu utsi wake umapha anthu ali m'tulo, popanda wodziwa kuti yayaka. Ndipo panyumba yolumikizidwa ku mawaya a boma, popanda switchi yolekanitsa mbali ziwirizi, mphamvu imabwerera ku pholo n'kukapha munthu amene akukonza chingwe. Pa zimenezi sindinyengerera kasitomala aliyense, ngakhale akhale wamkulu wofanana ndi bambo anga.

Ambiri amabwera atagula kale jenereta yokoka ndi chingwe, akufuna kuti izidziyatsa yokha. Ndimawauza kuti, "Pepani bambo, iyi ilibe sitata, ifunabe dzanja la munthu." Amene ali ndi ya kiyi, tikatha kulumikiza ndimawasiyira ntchito ya Loweruka lililonse: kuyang'ana oilo ndi dizilo, kupukuta mitu ya kabatire ka sitata, ndi kuiliza kwa mphindi khumi ngakhale dzuwa likuswa mtengo.