Umboni wa Mafupa a ku Boksburg

Omvera ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe alidziwa dzina la Joni, pakuti midzi yosawerengeka inatumizako amuna ace kukakumba golidi. Kum'mawa kwa Johannesburg kuli mizinda ya Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs. Dera limeneli kale linkachedwa East Rand, koma kuyambira caka ca 2000 lichedwa Ekurhuleni. Nkhani ya lero ndi ya mafupa a anthu 36 amene anamwalira ali pa nchito ya m'migodi kumeneko, ndi zimene mafupawo anaulula patapita zaka zoposa 100.

Poyamba nkoyenera kudziwa fupa lomwe. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Khanda libadwa ndi mafupa ocuruka koposa amenewa, koma pamene likukula ena alumikizana nasanduka fupa limodzi. Mafupa ndiwo aimika thupi, monga nsici ziimika nyumba. Cibade cisunga ubongo, nthiti 24 zichinjiriza mtima ndi mapapo, ndipo msana, umene uli mndandanda wa timafupa tosanjikizana, usenza katundu wa thupi ndi kubisa mtsempha waukulu wocokera ku ubongo. Fupa la nchafu ndilo lalitali koposa onse. M'kati mwa mafupa ena muli mafuta ofiira amene apanga mwazi, ndipo m'mafupa momwemo thupi lisungamo calcium, ndiyo imene iwalimbitsa.

Cinthu cacikulu ndi ici: fupa liri ndi moyo. Likathyoka munthu ali wamoyo, thupi liyamba kuliwocerera, ndipo pakapita masabata owerengeka pamalopo pamera fupa latsopano lokhala ngati cotupa, cimene kawirikawiri cizindikirika kwa zaka zambiri. Koma likathyoka pa nthawi ya imfa, m'mphepete mwace mukhala mwakuthwa, mopanda cizindikiro ca kupola. Cotero wodziwa za mafupa akhoza kusiyanitsa ngozi imene munthu anapulumukako ndi ngozi imene inamupha. Mafupa a m'ciuno amuuza ngati anali mwamuna kapena mkazi; mano ndi nsonga za mafupa aatali zimuuza msinkhu; fupa la nchafu limuuza kutalika kwace.

Tsono mbiri yace iri motere. Golidi anapezeka pa Witwatersrand m'caka ca 1886, ndipo Boksburg anakhazikitsidwa m'caka cotsatira. Mu 1893 panayamba kampani ya East Rand Proprietary Mines, imene mgodi wace unadzakhala umodzi wa migodi yakuya koposa pa dziko lonse, kupitirira mamita 3,000. Nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ya 1899 kufikira 1902 inabalalitsa anchito, ndipo eni migodi anacepetsa malipiro, kotero kuti Aafrika ambiri anakana kubwerera. Eni migodi anatembenukira ku China. Kuyambira 1904 anatengako amuna oposa 63,000, ambiri ocokera kumpoto kwa dzikolo, pa pangano la zaka zitatu. Anawatsekera m'makomponi, nawaletsa nchito zaluso. Nkhaniyi inautsa mkangano waukulu ku Britain, ndipo pofika 1910 otsala onse anali atabwezedwa kwao. Oposa 3,000 sanabwerere, pakuti anafera ku Transvaal.

Ena mwa iwo anaikidwa m'manda a mgodi wa Witwatersrand Deep, ku Boksburg. Patapita zaka zambiri mafupa ao anafukulidwa, nakasungidwa ku sukulu ya madotolo ya University of the Witwatersrand. Kumeneko Raymond Dart, mphunzitsi wa za thupi la munthu wocokera ku Australia, amene anafika mu 1923, anali atayamba kusonkhanitsa mafupa a anthu kuti ophunzira aziphunzirirapo. Ndiye Dart yemwe uja anachuka mu 1925 polengeza za cibade ca kamwana kakale kopezeka ku Taung. Nkhokwe ya mafupayo, imene ichedwa ndi dzina lace, inakula kufikira anthu oposa 2,000. Ambiri oyamba anali anthu omwalira m'zipatala popanda mbale wodzatenga mtembo, pakuti lamulo linalola kuti mitembo yotere iperekedwe kwa ophunzira. Mu 1959 madzi anasefukira m'cipinda capansi mosungiramo, ndipo mafupa ambiri anasokonekera, kotero kuti anchito anabvutika kubwezera fupa liri lonse kwa mwini wace.

M'caka ca 2016 akatswiri awiri, Anja Meyer ndi Maryna Steyn, anafalitsa zimene anapeza atapenda mafupa a Machaina 36 aja. Anapeza kuti mabala opola anali ocepa, koma mafupa othyoka pa nthawi ya imfa anali ambiri. Kathyokedwe kace kanafanana ndi ka munthu wogwa kucokera patali, wa m'cikepe cimene caduka, kapena wophwanyidwa ndi thanthwe. Tanthauzo lace ndi lomveka. Anthu amenewa sanakhale pa nchitoyo zaka zambiri, ndipo ngozi ya pansi pa nthaka inali yaikulu kotero kuti woipeza kawirikawiri sanapatsidwe nthawi yakuti fupa lace lipole. Mabuku a kampani analemba ciwerengero ca akufa. Mafupa anaonetsa kafedwe kao.

Nanga nkhani ya Machaina iwakhudza bwanji omvera a kuno? Njira zimene Machaina anatsikira ndizo anatsikiranso Anyasa. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu analicha Wenela, linayamba kulemba anthu ku Nyasaland mu 1903. Anthu a ku maiko otentha anafa ambiri ndi cibayo, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kumpoto. M'zaka za m'ma 1930 khomo linatsegukanso, ndipo amuna zikwi zambiri anapita caka ndi caka, kufikira mu April 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Pa zaka zonsezi ambiri anabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ena anabwerako otsimphina, ndipo ena anangoti zii. Kumudzi anawacha machona, poyesa kuti anakwatira kumeneko naiwala kwao. Ena anaterodi. Koma ena anagona m'manda a mgodi opanda dzina, ndipo mkazi anadikira munthu amene sanalinso ndi moyo.

Masiku ano sukulu ya ku Witwatersrand idalira makamaka anthu amene apereka matupi ao mwaufulu asanamwalire. Komabe funso la akale aja likadalipo, pakuti iwo sanafunsidwe. Madotolo ambiri anaphunzira thupi la munthu pa mafupa ao, ndipo apolisi azindikira mitembo yosadziwika ndi miyeso yotengedwa pa mafupa omwewo. Phindu limeneli ndi loona, ndiponso ngongole yace ndi yoona. Mwa mwambo wa makolo, wakufa ayenera kugona kwao, pakati pa abale ace. Anthu 36 a ku Boksburg sanagone kwao, ngakhale machona ambiri a ku Dowa, ku Chipata ndi ku Mzimba. Coyenera amoyo ndico kufunafuna maina ao m'mabuku a migodi, ndi kuwauza ana a m'midzi imene anacokera za nchito imene anagwira ndi imfa imene anafa.