Ulusi wa pa Mbedza: Mbiri ya Nyambo za Nthenga

Msodzi wa ku Nyanja kapena wa ku Shire akafuna kuŵedza, amakumba nyongolotsi kapena kutema kansima nakoleka ku mbedza. Koma kuli asodzi ena, makamaka a ku Ulaya, amene saika chakudya chenicheni ku mbedza ai. Iwo amazengako ulusi ndi nthenga kuti mbedzayo ifanane ndi kachilombo kouluka, ndipo nsomba imameza poyesa kuti yatola chakudya. Azungu amaitcha nyambo yotereyi ntchentche, ngakhale kuti kaŵirikaŵiri imatsanzira tizilombo tobadwira m'madzi, tonga nkhungu za pa Nyanja ya Malaŵi.

Luso limeneli n'lakalekale. Cha m'ma 200 A.D., mlembi wa ku Roma dzina lake Aelian analemba za anthu a ku Macedonia amene ankazenga ubweya wofiira pa mbedza naonjezapo nthenga ziŵiri za pakhosi pa tambala. Ku Mangalande, buku la zoŵedza losindikizidwa mu 1496 linafotokoza nyambo 12 za ubweya, silika ndi nthenga, iliyonse ndi mwezi wake.

Nyambo yaikulu siinali kuvuta kumanga. Mutu unkaŵaŵa pa nyambo zazing'ono. Nsomba ya trout imakhala m'madzi ozizira ndi oyera mbee, ili ndi maso akuthwa, ndipo masiku ambiri imadya tizilombo tochepetsetsa. Mbedza zimaŵerengedwa chobwerera: nambala ikamakwera, mbedza imanka nichepa, kotero kuti ya nambala 20 siiposa kwenikweni njere ya mpunga. Pa kachitsulo koteroko, ulusi ukangonenepa pang'ono, kapena womanga akazenga kasanu pofunika kaŵiri, mutu wa nyambo umatupa n'kutseka diso la mbedza. Msodzi amavutika kuloŵetsa chingwe, nsomba nayo imangonunkhiza n'kupita.

Amene anaimvetsa bwino nkhaniyi anali asodzi a kumpoto kwa Mangalande ndi ku Scotland. Mu 1857, W. C. Stewart anadzudzula nyambo za m'masitolo kuti zinali zochuluka nthenga. Mu 1885, T. E. Pritt anasonkhanitsa m'buku nyambo za ku Yorkshire, ndipo zambiri mwa izo zinali zosavala kanthu: ulusi wa silika ndiwo thupi, kanthenga kofeŵa kozengedwa kamodzi kapena kaŵiri ndiko miyendo, basi. Yotchuka ndi Partridge and Orange, ya ulusi wa mtundu wa lalanje ndi nthenga ya mbalame yonga nkhwali. Pa nyambo yotere palibe pobisa cholakwa. Ulusi uyenera kugona moyandikana, mzere ndi mzere, osasanjikizana ndiponso osasiya mpata. Ambiri mwa anthuwo ankamanga mbedza ili pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, popanda chitsulo chopanira.

Ulusi umene ankaudalira unali silika wopyapyala wotchedwa Gossamer, wa kampani ya Pearsall. Mtundu uliwonse unali ndi nambala yake, kotero kuti Edmonds ndi Lee, polemba buku lawo mu 1916, ankangotchula nambala ya silika, woŵerenga n'kudziŵa ulusi woti agule. Silika ali ndi khalidwe lake: akanyowa amadera, ndipo womanga wanzeru ankasankha ulusi poganizira maonekedwe ake m'madzi, osati pa tebulo. Phula nalo linali ndi ntchito. Mu 1854, James Wright wa ku mtsinje wa Tweed anamangira mbusa William Greenwell nyambo imene mpaka lero ikutchedwa Greenwell's Glory. Chinsinsi chake ndi ulusi wachikasu wopakidwa phula la osoka nsapato, lomwe limausandutsa wobiriŵira moderako, ngati thupi la kachilombo ka m'madzi. Phulalo linkathandizanso kuti ulusi ugwire chitsulo osaterereka.

Munthu wina anauchotseratu ulusiwo. Frank Sawyer, wosamala mtsinje wa Avon ku Wiltshire, ankamanga nyambo yake ya Pheasant Tail ndi kawaya kamkuwa, koti kagwire nthenga ndi kumiza nyambo nthaŵi imodzi. Anaifotokoza m'buku lake la mu 1958.

Nailoni analengezedwa ku America mu 1938, ndipo itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ulusi wa nailoni ndi poliyesita unayamba kulanda malo a silika. Unali wotchipa, wolimba, wosaola. Wina unkapangidwa wosapotana kwambiri, kotero kuti womanga amatha kuupotolola kuti ugone phwatalala pa mbedza, kapena kuupota kuti ulume nthenga pamalo amodzi. Panabwera nambala za 6/0 ndi 8/0, zomwe zimasokoneza ophunzira chifukwa 8/0 wa kampani ina salingana ndi 8/0 wa inzake. Muyeso wodalirika ndi denier, ndiko kunena magalamu amene mamita 9,000 a ulusiwo amalemera. Ulusi wa denier 70 umakwanira nyambo zambiri zazing'ono.

Komabe kupyapyala kwa ulusi sikunathetse zonse. Ulusi woonda umaduka ukakhudza nsonga ya mbedza kapena chala chokhakhala, ndipo mitundu ina yatsopano, yolimba koposa, imaterera n'kudula nthenga imene inayenera kugwira. Nailoni sasinthanso mtundu m'madzi monga achitira silika. N'chifukwa chake pamene Pearsall analeka kupanga Gossamer, okonda nyambo za ku Yorkshire anayamba kusunga timipukutu takale ngati mbeu.

Luso limeneli linafikanso kuno. Atsamunda anabweretsa trout kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 naziika mu mtsinje wa Mulunguzi pa phiri la Zomba, ndipo zinaikidwanso m'mitsinje ya pa Mulanje ndi pa Nyika. Ku Kenya kumanga nyambo kunasanduka ntchito yolembedwa, ndipo nyambo zambiri zogulitsidwa ku Ulaya ndi ku America zimamangidwa kumeneko ndi manja, imodziimodzi. Wogula wodziŵa akatsegula bokosi sayamba ndi nthenga. Amayang'ana kamutu ka ulusi kuseri kwa diso la mbedza, ngati n'kakang'ono, kosalala, ndi ngati mfundo yomaliza yabisika pansi pa mizere yake.